Tsiku Lomwe Mayi Bwerezani Anazula Pulagi

Ku ofesi ankawatcha Mayi Bwerezani, chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo. Anayamba ntchito ngati wotayipa makalata, koma imvi zisanamere anali atasanduka woyeza liwiro la makompyuta. Anzawo ankakonza kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, kuti izithamanga. Iwo ankaisenzetsa ntchito imodzimodziyo, kuwerenga masekondi, n'kubwerezanso kambirimbiri.

Chaka china mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, yemwe ankagwiranso ntchito pomwepo, anatha miyezi isanu akukonza gawo losunga mafayilo. Mayi Bwerezani atayeza, anavula magalasi n'kuwapukuta. Ntchito ya mphindi yathunthu inatha m'masekondi khumi okha!

"Alamu, mwaimwetsa chiyani?" anafunsa.

"Nzeru basi, alamu," anayankha uku akudzigunda pachifuwa.

Abwana analamula kuti Lolemba kenelo yatsopanoyo iikidwe m'makompyuta a zipatala zomwe kampani yawo inkathandiza.

Koma mtima wa mayiwo sunakhale m'malo. Anakhala m'kachipinda kozizira ka makina, juzi paphewa, maso pa kanyali kamene kamaphethira disiki yosungira mafayilo ikamalemba. Kompyuta inkati zasungidwa, kanyaliko osaphethira n'komwe. Anaitana onse, anasunga mafayilo chikwi, kenaka anawerama n'kuzula pulagi.

Atayatsanso anapeza mafayilo asanu ndi awiri okha.

Abwana anangoti kukamwa yasa.

"Mayo ine! Magetsi akanathima kuchipatala, mbiri za odwala zikanapita kuti?" anatero Mayi Bwerezani, mawu akutuluka mwapansipansi.

Mlamu uja anakhala pa katoni ya mapepala. Sanabere ayi. Anangochotsa m'pulogalamu kamzere kodikira kuti disiki imalize kulemba, poganiza kuti kankangotaya nthawi.

Lamlungu mng'ono wawo anafika kunyumba nkhope ili gwa, anakana ngakhale mpando.

"Achemwali, simukanawauza pambali bambo a kunyumba? Pamaso pa anthu ndithu?"

"Mng'ono wanga, ndinkayesa asowa awiri kapena atatu, tiseke, akonze. Ine ndemwe sindinadye tsiku limenelo."

Kamzere kaja katabwezeredwa, kenelo yatsopano inaposa yakale ndi masekondi atatu okha, ndipo ndi imene inapita kuzipatala. Mlamuyo anatha miyezi iwiri osaponda pakhomo pawo. Tsiku lomwe anabwera, anakhala chakukhomo, akulankhula ndi ana okha.