Tambala wa Apongozi Anga

Ndinkasamba mutu uli pamwamba pa mpanda wa bafa, sopo akundiwawa m'maso koma osatsinzina, chifukwa pabwalo panali mwana wanga amene anali atangoyamba kukwawa, ndipo panalinso tambala.

Tambalayo anali wofiira, wofika m'bondo mwangamu, chikhadabo chakumbuyo chotalika ngati chala. Nkhuku zina ukangokweza dzanja zimabalalika. Iyeyu ayi. Ankaweramitsa mutu, n'kuimika nthenga za m'khosi, n'kumabwera chammbali ngati akuvina, kenako wadumpha. Miyendo yangayi ili ndi zipsera mpaka lero. Amuna akuluakulu sankawayamba. Ankasankha ife akazi ndi chilichonse chachifupi.

Ndinali pachitengwa, kwawo kwa amuna anga, kumunsi kwa Kandeu kumene timalima mpunga. Iwo anapita ku Joni ine ndili ndi pakati, monga anachitira bambo awo kalelo ku migodi. Pakhomo tinatsala ine, khandalo, alamu anga omwe ndi mlongo wawo wa amuna anga, ndi apongozi aamuna. Aakazi anamwalira ine ndisanabwere. Tsiku limene mwana wawo ankanyamuka, apongoziwo analoza katambala kena kamene kanali kasanayambe n'kulira komwe, n'kunena kuti aka kadzakhala ndiwo tsiku limene mwana wawoyo adzabwerere. Kuyambira pamenepo panalibe womukhudza. Alendo a kumpingo atabwera anawazingira thadzi. Pamaliro anapereka nkhuku ina. Katambala kanakula, kanakhwima, kanalusa, ndipo foni ya ku Joni inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenako inangoti zii.

Kuno mtengwa salankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Ukawaona akubwera umapatuka n'kugwada poteropo. Mawu ako amadzera mwa wina, ndipo anga ankadzera mwa alamu. Ndinawapempha kuti akawauze bambo kuti tambala uja andivulazira mwana, bwanji amumange kapena akamusungitse kwina kaye. Alamu anaseka mpaka kugwira m'nthiti, amvekere mlamu, munthu wobereka kale n'kumathawa ndiwo? Ati kodi kwanu kumtunda uko nkhuku ndiye zimalamula pakhomo? Koma anapitabe. Pobwera nkhope inali itasintha. Ati bambo akufunsa ngati ndamva uthenga wina wa ku Joni umene iwo sanaumve, poti ndikufulumira kuchotsa tambala.

Sindinatumenso mawu.

Ndinayamba kumubereka mwana tsiku lonse, kumunda, kudambo, pamtondo, iye akuphiriphitha kufuna pansi, msana wanga ukuyaka. Apongozi akapita kumunda ndinkavundikira tambalayo ndi dengu n'kuikapo mwala. Tsiku lina anabwerera msanga, anaona dengu likugwedezeka, anachotsa mwala, n'kukakhala pakhonde. Bola akanandikalipira. Alamu anandiuza njira ina, ati umugwire, umukanikize mutu m'dothi mathadzi akuona, achita manyazi asiya. Ndinayesa, mtima wake ukugunda m'zala zanga. Nditamusiya anadzikutumula fumbi, analira kokoliriko, ndipo kuyambira pamenepo ankandidikirira kuseri kwa nkhokwe.

Nthawi yokolola inakwana. Mpunga tinauyanika pamphasa pabwalo, ndipo woulondera ndinali ine, alamu ndi apongozi ali kumunda. Mwana anali ndi zilonda m'ntchafu chifukwa cha chitenje ndi thukuta, analira mpaka mawu kusasa, ndiye ndinamutsitsa n'kumukhazika pambali panga. Ndinayang'ana uku ndi uku, tambala sankaoneka. Mwana ankatapa mpunga ndi timanja take n'kumadzipaka, njere zikumatirira m'masaya monyowa ndi dovu. Kenako mbuzi zinalowa mbali inayo. Ndinanyamuka ndi ndodo. Sindinapite kutali, ndikunena zoona sindinapite kutali, panali pongodutsa mphasa ziwiri.

Kulira kumene ndinamva kunali kwachilendo. Nditatembenuka mwana anali chagada, tambala ali pachifuwa pake, mapiko ali tambasu, akujompha. Sindikumbuka kuti ndinamuchotsa bwanji. Ndikukumbuka magazi atadzaza diso lamanzere, akutsikira m'khutu, njere za mpunga zili momwemo. Ndinathamangira kumsewu wopanda nsapato, ndikuitana wa kabaza aliyense, mwana ndamufungata pachifuwa, ndikumuuza kuti pepa, pepa, ngati akumva.

Kuchipatala chapafupi anatsuka n'kutitumiza ku boma. Kumeneko anasoka chikope. Za diso lenilenilo adokotala anati lakandika mkati, tidikire, mwana akamakula ndiye tidzadziwa. Anandifunsa kuti tambalayo mwamupha kodi. Ndinati ayi, ndi wa apongozi.

Tsiku lotuluka, ndikulowa pabwalo, ndinamupeza ataima pamwamba pa mtondo, akudzikonza nthenga. Apongozi anali pakhonde. Miyendo yanga inafuna kupatuka monga mwa masiku onse, koma ndinaikakamiza. Alamu anandikoka chitenje, akunong'ona kuti mlamu mukupita kuti, mwapenga kodi. Ndinafika pamapazi penipeni pa apongozi, ndinagwada, n'kukweza thonje limene anamata padiso.

"Bambo, taonani."

Amenewo anali mawu anga oyamba kwa iwo chikwatiwire pamudzipo. Anayang'ana nthawi yaitali, ulusi wakudawo, kutupako. Mwana anawatambasulira dzanja.

"Likuona?" anafunsa, maso ali pa mwana.

"Akuti sakudziwa."

Anadzuka pang'onopang'ono, anatapa madeya m'lichero, n'kuitana nkhuku ndi kamluzu kawo. Tambala anabwera yekha, poti iwo ankawadziwa. Anamukolekera m'khwapa ngati khanda n'kupita naye kuseri kwa khola. Sanaitane munthu woti awagwirire miyendo. Pobwera anamuponya pafupi ndi alamu, ati muphike. Madzulo alamu anakawaikira m'mbale, mbaleyo inabwerera momwemo. Nane sindinadye. Alamu anadya akulira.

Pamudzi nkhani inayenda kuti mtengwa uja ndi wamwano, anaima pamaso pa apongozi n'kuwaphetsa tambala wa mwana wawo, ngati mwamunayo wamuika kale m'manda. Kudambo akazi ena ankasiya kulankhula ine ndikafika. Apongozi sanandinenepo choipa, komanso dzina la mwana wawo sanalitchulenso, ndipo anayamba kuwonda.

Mwana tsopano akuyenda. Padisopo pali kachinthu koyera ngati njere ya mpunga. Pakakhala popanda anthu ndimamukhazika pamiyendo, ndimamutseka diso labwinolo ndi chikhatho, n'kumuonetsa supuni. Amaseka, amayesa ndi masewera. Amatambasula dzanja, ndipo nthawi zina amaigwira, nthawi zina amagwira pambali pake.