Mzere wa Chiboda Pamchenga

Chaka cha korona ndinali mlonda pakhola la akavalo kunja kwa Doha, njira yakuchipululu. Ntchito yanga inali geti basi: kutsegula, kutseka, kupima anthu kutentha pachipumi. Akavalo anali ndi owasamalira, koma matenda atalowa pakampu yawo onse anatsekeredwa, kupatula mkulu mmodzi wa ku Sudan. Akavalo khumi ndi awiri, munthu yekha, maso ake ofooka kale.

Panali kavalo wamkazi wofiirira, wogulidwa ku Amereka, amene bwana ankamukonda kuposa galimoto zawo zonse. M'mawa uliwonse mkulu uja ankadutsa naye pageti panga.

Ine ndinakulira kubusa ku Mchinji, mapazi a chiweto ndimawawerenga. Tsiku lina ndinaona pamchenga mzere wautali pambali pa mapazi ake. Chiboda chakumbuyo chakumanzere sichinkanyamuka bwino, chinkakhukhuluza nthaka. Mawa lake mzere womwewo. Patapita sabata, ntchafu ya mbali imeneyo inayamba kuphwa.

Nanga ndinanena? Ayi ndithu.

Ndinali ndi kachinsinsi kanga. Kuseri kwa shedi ya udzu kunkabwera kankhandwe ka m'chipululu, kamakutu aatali, ndipo ndinkakasiyira mpunga ndi mafupa a nkhuku. Musandiseke, miyezi imeneyo kanali kokhako kondiyang'ana kumaso popanda masiki. Tsono dokotala wa ziweto anali atachenjeza kale kuti ndowe za nyama zakutchire zikalowa muudzu zimadwalitsa akavalo. Mumtima ndinati basi, ndamupha ndi ine.

Nthawi yomweyo lamulo linali litangosintha, munthu kuloledwa kusintha ntchito popanda kalata ya bwana. Ndinali nditapeza malo kuhotela, notisi nditapereka. Kwathu timadziwa kuti woyamba kunena kuti ng'ombe yadwala ndi amene amafunsidwa kuti unali kuti, unaipatsa chiyani. Mlendo ndi mame, ndinadziuza choncho, ndimalize masiku anga ndizipita. Ndiye m'mawa uliwonse kavalo akadutsa ndinkatenga tsache n'kusesa pageti. Manejala wa pakholapo mpaka anandiyamikira kuti ndine waukhondo. Ukhondo wake uti!

Sabata yachinayi kavalo anagwa pakhomo la khola. Anayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo n'kupingana ngati ya munthu woledzera, n'kugwanso. Mkulu wa ku Sudan anagwada pamchenga atagwira mutu wake, akulira poyera.

Dokotala anabwera, mayi wachizungu. Anatenga magazi ndi madzi a mumsana, ndipo kavalo anamumangirira malamba kudenga kuti aziima. Zotsatira zitabwera anatiitana tonse, ndi ine ndemwe, titaima motalikirana. Anati ndi kachilombo kamene kamadya mitsempha ya mumsana, ndipo kavaloyo anabwera nako kuchokera ku Amereka. Kumeneko kuli kanyama kakutchire kokhala ngati khoswe wamkulu, kobereka ana m'thumba la pamimba, kamene kamaipitsa udzu ndi madzi.

"Nanga nkhandwe zakuno?" Ndinafunsa ine.

"Ayi, kanyama kameneko kuno kulibe," anatero. Kenako anatiyang'ana mmodzimmodzi. "Matendawa ali ndi mankhwala akapezeka msanga. Palibe amene anaona akukoka mwendo?"

Mkulu wa ku Sudan anadziguguda pachifuwa. "Ndine, madamu. Maso angawa. Ndimayenda naye tsiku lililonse koma sindinaone."

Ine ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Kavalo uja mankhwala anamupatsa, koma mochedwa. Bwana anabwera Lachisanu masana, anaima nthawi yaitali, n'kunena liwu limodzi lachiluya, "Khalasi," ndiye kuti zatha. Dokotala anabaya kavaloyo jakisoni womugoneka mpaka kalekale.

Mkulu uja sanamuchotse ntchito. Anapempha yekha kubwerera kwawo, akuti munthu wosaona sayenera kugwira chingwe cha kavalo. Tsiku lonyamuka ndinamutsegulira geti ndine. Anandigwira paphewa, korona kapena ayi, n'kunena kuti ndine mwana wabwino, pageti panga sipankagona chinyalala.

Lero ndili pahotela kufupi ndi Al Khulaifat mumzinda wa Doha, yunifomu yositidwa, pansi pa matailosi posaoneka phazi la munthu. Ndimadandaula, abale, ndimadandaula kwambiri. Kavalo anapita, chabwino. Koma kwinakwake ku Sudan kuli nkhalamba imene mpaka lero ikuimba mlandu maso ake, chonsecho mzere uja ndinkaufafaniza ndi tsache ndine.