Nkhani imene malume sanaifikire

Mtolankhani wina anabwera kwathu ku Fingoe ku maliro a azakhali ake. Ku Tete ankalemba za mpira, komanso za makompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu. Ife tinali ndi nkhani imodzi yokha yoti timuuze: mng'ono wanga. Iye ankagoletsa zigoli Lamlungu lililonse, koma palibe wa timu yaikulu amene anamuonapo. Anali atanena kale kuti dzina lake likapanda kumveka ku Tete, chimanga chikangolowa m'nkhokwe adzapita kukakumba golide ngati anzake.

Kwathu mnyamata sadzilankhulira yekha pamaso pa mlendo. Tinatuma malume, ine n'kuwatsatira nditanyamula nkhuku yopatsa mlendoyo.

Malume anayambira kutali, monga mwa mwambo. Anapepesa maliro, anafunsa za ana ndi za kutentha kwa ku Tete. Kenako anayamba ndi tinkhani ting'onoting'ono, poti nkhani yaikulu imakambidwa poperekeza mlendo, anthu akuyenda pang'onopang'ono. Anasimba za mbuzi zimene zimadya udzu pabwalo lathu. Anasimbanso za woimbira mpira wa ku Chipera, amene mkangano ukabuka amaimitsa masewera, kukwera pachulu pamene netiweki imagwira, n'kufunsa makina a m'foni ngati chinali chigoli.

Apo mtolankhani anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. Anafunsa mafunso ambirimbiri: kodi osewera amavomereza, nanga makinawo amaweruza bwanji mpira umene sanauone? Malume anasangalala kuti mlendo wakondwa, nawonjezera mchere. Ine ndinkafuna kutchula za mng'ono wanga, koma mphwa sadula mawu a malume ake.

Kenako mota, njinga yamoto imene mtolankhani anaitanitsa, inafika. Tinaimirira kuti timuperekeze mpaka kumsika.

“Musavutike, bambo, ndikwerera pompano,” anatero. “Mwandipatsa nkhani yabwino.”

Anapachika nkhuku pachiwongolero, ndipo fumbi linatsala likutiphimba.

Nkhani ya woimbira mpira inatulukadi, ndipo anthu anaitumizirana m'mafoni mpaka ku Malowera. Mng'ono wanga anaiwerenga, anaseka pamodzi ndi ena, ndipo atakolola anapita kumaenje a golide. Kumeneko dothi linamugwera pabondo. Amayenda bwinobwino, koma kuthamanga ayi.

Malume sanaonepo cholakwa chawo, ndipo inenso sindinawauze. Nkhaniyi ikabwera amapukusa mutu, n'kunena kuti ana a m'tauni alibe ulemu, chifukwa iwo anali atatsala pang'ono kufikapo.