Buku limene linagwetsa a Cornelius

Mlamu wanga Fainala anali ndi nthenda imodzi imene ife a kwa Wimbe tinaisowera mankhwala: kuwerenga mabuku. Sindikunena Baibulo kapena buku la nyimbo ayi, amenewo tonse tili nawo. Ndikunena mabuku a nthano a Chingerezi, onenepa ngati njerwa, othothoka zikuto, amene mlongo wake Ephraim ankamutolera pamsika ku Kasungu boma. Kwawo kwa Fainala ndi kwa Kaluluma. Kwathu anabwera kuchitengwa atakwatiwa ndi achimwene anga, ndipo iwo atamwalira anatsala m'mudzi mwathu ndi ana awiri, munda wa fodya ndi katoni ya mabuku. Sukulu analekezera Folomu 3, koma Chingerezi chinamukanirira.

Nyengo yothyola fodya ikakwana, amayi a m'mudzi mwathu timathandizana kusoka. Lero chigafa cha uyu, mawa cha uja. Mumakhala pansi, zingano m'manja, kubaya masamba mpaka zala kuda bii ndi utomoni, msana uli waa. Ndi ntchito yogwetsa ulesi, ndipo amene ankatiwombola anali Fainala. Zimene wawerenga dzulo ankatifotokozera m'Chichewa, manja ali pantchito. Ndipo sankangofotokoza ayi, ankawaweruzanso alembi akewo ngati kuti akhala naye pamphasa pomwepo.

Chaka chimenecho anawerenga mabuku atatu. Loyamba linali la zamatsenga, la zinjoka zamapiko zolavula moto ndi anyamata oyenda ndi malupanga. Ife tinalikonda, koma mwini wake analinyoza koopsa.

"Alamu," anandiuza tsiku lina, "buku lonseli palibe munthu ndi mmodzi yemwe wagwira khasu. Amadya chiyani anthu amenewa? Ndiye mfiti zake zimakhala kuphiri kutali, zovala zake zodziwika, aliyense akuziloza. Mfiti yoteroyo ingaopse ndani? Wolembayu mantha sawadziwa."

Lachiwiri linali la mbiri yakale, la nkhondo za mafumu a kutsidya kwa nyanja. Anati limayenda ngati ngolo ya ng'ombe zowonda, moti kawiri konse anafuna kuliponya pansi pa bedi. Koma ndi lokhalo limene linamuliza, chifukwa wolemba wake anakumbukira amayi otsala pakhomo amuna atapita kukafa. Lachitatu linali la zigawenga ndi apolisi. Limeneli anati ndi labodza pa chinthu chimodzi chokha, choti apolisi ake amafika msanga ndipo galimoto yawo siisowa mafuta. Kupatula apo, ankapsereza nalo ndiwo.

Vuto linali mayina. Mayina achizungu ankatipinda lilime, tikamva awiri atatu tasokonezeka kale. Ndiye Fainala anapeza nzeru yowapatsa anthu a m'bukumo mayina athu. Ine Ennie ndinakhalapo mfumukazi kwa sabata yathunthu, ndipo ndinkayenda monyang'wa popita kumjigo. Feliya, mnzathu wa pakamwa posatseka, anakhalapo wakuba akavalo, naseka mpaka kutsamwa. Anthu ankachita kupempha kuti awaikemo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonapo choipa.

M'buku la zigawengalo munali bambo wina wolemera amene munthu wa m'nyumba mwake momwe ankamuthirira poizoni pang'onopang'ono. Fainala anamutcha a Cornelius, alongo ake a Feliya, popeza m'mudzi mwathu ndiwo anali ndi chigafa chachitali ndi mimba yoyenerana nacho. Eni akewo anadutsa tikusoka, namva, naseka.

"Bola mwandipatsa chuma, mayi," anatero. "Mundiphe mwaulemu."

Lachisanu Fainala analekezera pamene bambo uja wayamba kusanza, thukuta lili kamukamu, n'kugwa m'munda wake wa maluwa. Tinamuchonderera kuti apitirize, koma anati masamba a fodya atha, nkhani nayonso ipume.

Lolemba m'mawa a Cornelius anagwa m'munda mwawo. Anasanza, thukuta lili kamukamu, maso atatembenuka. Anawanyamula pangolo mpaka kumsewu, kenako pagalimoto kupita kuchipatala.

Ine ndinawaona ndi maso angawa m'mawa umenewo akuthira mankhwala ophera mphukira za fodya, opanda chotseka kukamwa, m'mimba mulibe kanthu. Ndinanena zimenezi kumjigo, ndinanenanso panjira. Anthu ankangondiyang'ana ngati ndikulankhula Chingerezi cha mlamu wangayo. Pofika madzulo amayi anali atayamba kukoka ana awo akayandikira pakhomo pa Fainala. Tonse timamva pawailesi zimene zimawachitikira amayi amasiye mudzi ukawaloza chala kuti ndi mfiti.

Tsiku lotsatira inali nthawi yosoka kwa Fainala. Masamba tinathyola, tinaunjika m'chigafa, tinayala ziguduli zokhalira anthu. Sikunabwere munthu. Tinakhala awiriwiri kutsogolo kwa mulu wa fodya wotalika kutiposa, tikusoka. Zingano yake inkangophonya.

Dzuwa lili paliwombo tinamva mapazi. Sankaimba, sankakuwa, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri. Anali anthu ambiri, anthu oti timapemphera nawo, ena ndinawanyamulira ana paubatizo. Kutsogolo kunali Feliya, maso atatupa ndi kulira. Kumbuyo kwake anyamata atatenga zibonga, ndipo mmodzi ananyamula kachigubu kamene fungo lake linafika m'chigafa iye asanafike. Anali petulo. Chigafa ndi udzu ndi mitengo youma, ndipo ife tinali m'kati mwake.

"Mayi a kwa Kaluluma," anatero Feliya. Sanamutchule dzina ngati kale. "Alongo anga munawaika m'buku. Muwatulutsemo."

"A Feliya, ndi nthano chabe," anayankha Fainala. "Analemba ndi mzungu woti sadziwa n'komwe kuti kuli Wimbe. Inunso munalimo, munaba akavalo..."

"Ine sindinagwe m'munda! Katengeni bukulo. Muwerenge pamene munalekezera, ndipo achire. Tonse tikumva."

Ndinaimirira kuti ndilankhule za mankhwala aja, koma mnyamata wina anangokweza chibonga pang'ono, ine n'kukhalanso pansi. Feliya anatuma mwana wa Fainala kukatenga buku. Pamene tinkadikira, mlamu wanga anawerama ngati akutola zingano, nandinong'oneza.

"Alamu, ndinalimaliza. Munthuyu amafa."

Muyenera kumudziwa Fainala kuti mumvetse. Mayi ameneyu sankanamizira buku. Nthawi ina tinamupempha tonse kuti asinthe mathero a nkhani ina, mtsikana akwatiwe ndi amene ankamukonda, iye anakana kwamtuwagalu. Anati wolemba akalakwitsa timunyoze, koma tisamuikire mawu m'kamwa. Lero buku linali m'manja mwake, ndipo wa petulo uja anali atatsegula kale chitsekerero.

Anatsegula buku. Ine ndinali pafupi, ndinaona kuti maso ake sakuyenda pamizere, angoima malo amodzi. Anayamba ndi mawu aang'ono, okhala ngati a munthu wina. Anati a Cornelius anawapeza ali gone m'munda, nawathamangitsira kwa dokotala. Anati dokotalayo anali wanzeru, anaizindikira poizoni, naitsuka m'mimba. Anati anagona osadziwa kanthu, achibale akulira panja, kenako anatsegula maso, nadzuka, napempha phala.

"Akuyenda?" anafunsa Feliya.

"Akuyenda."

"Abwera kunyumba?"

"Abwera."

Feliya anatambasula chitenje chake, Fainala n'kuikamo bukulo, poti panalibe wofuna kuligwira ndi manja. Anthu anabwerera mmene anabwerera, mwakachetechete. Koma anyamata awiri anatsala pansi pa mtengo wa mango moyang'anana ndi khomo, ndi kachigubu kawo, ndipo akatopa ankabwera ena kudzawalandira.

Masiku otsatirawo sindifuna kuwakumbukira. Ndinasamukira kwa mlamu wanga, amuna anga akundiletsa. Foni ikalira kulikonse m'mudzimo, mtima wanga unkaima. Mwana akalira kutsidya, ndinkatchera khutu kuti ndimve ngati ndi maliro. Uthenga wochokera kuchipatala unkabwera wosiyanasiyana, wina akuti atsitsimuka, wina akuti awaika pamakina. Ndinapempherera a Cornelius kuposa mmene ndinapemphererapo amuna anga. Fodya uja anayamba kutentha pamulu, kuda, kununkha, ife manja anayi okha sitikanamutha. Fainala sanatsegulenso katoni yake. Ankangokhala pakhonde, ana ake awiri atamukhalira m'mbali.

"Musaope alamu," ndinkamuuza. "Akachira, zatha."

Iye ankangoyang'ana anyamata aja pansi pa mtengo wa mango.

Loweruka masana kunamveka nthungululu kumsewu. Ndinathamanga opanda nsapato. A Cornelius ankatsika panjinga yamoto, ataonda, mimba ija itaphwa, koma akuyenda ndi miyendo yawo. Ndinalira ndi chimwemwe, ndinavina nawo. Anawakhazika pampando pansi pa mtengo, anthu atawazungulira, iwo n'kumafotokoza mmene madokotala anawatsukira m'mimba. Anati madokotalawo anawakalipira chifukwa cha mankhwala a mphukira, koma mawu amenewo anapita ndi mphepo. Wina anafunsa chimene ananena atangotsegula maso.

"Ine? Njala, achimwene. Ndinapempha phala."

Nthungululu zinazima. Kodi alipo wodwala m'dziko muno amene amadzuka n'kupempha china chosakhala phala? Ndinafuna kukuwa choncho, koma ndinali nditachedwa. Mitu yonse inali itatembenukira kunyumba ya Fainala.

Ndinafika kwa mlamu wanga iwo ali m'mbuyo mwanga. Ulendo uno analibe zibonga. Feliya anagwada patali, pamalire a bwalo, naika nkhuku yomanga miyendo pansi, maso ali kumbali.

"Zikomo mayi, mwatichitira chifundo," anatero. "Chonde, a pabanja pathu musatiikenso m'mabuku mwanu."

Fainala anatsegula pakamwa, koma asanalankhule, kumbuyo kwa gulu kunatuluka Faustina. Ndi mayi wofatsa, wa kwaya, amene mwana wake wamkazi anamwalira ndi malungo chaka chapitacho. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kupitirira pamene Feliya anagwada, naima pafupi ndi khonde. Sanakalipe. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira njira.

"Mayi, nanga Thoko wanga uja anali m'buku liti?"

Ndinaona anthu akuyang'anana, aliyense akuwerenga maliro a pakhomo pake. Mlamu wanga anadzuka, nalowetsa ana m'nyumba, nandikokera m'kati ndi dzanja lozizira ngati la mtembo.

"Alamu, imbirani Ephraim," anatero. "Muwuzeni apeze galimoto, ifike dzuwa lisanalowe. Asalowe m'mudzi, akatidikire kuseri kwa dambo."

"Nanga fodya? Nanga manda a amuna anu?"

"Muzikawasesera ndinu."

Anatulukira khomo la kuseri, wamng'ono ali kumsana, wamkulu atamugwira dzanja, osanyamula ngakhale bulangete. Ine ndinatsala m'nyumbamo ndikugunditsa mapoto ndi kulankhula ndekha mokweza, kuti a panjawo aziyesa kuti tikadali awiri.