Sikirini Yakuda ya Amayi

Fungo la fumbi lotentha la m'kompyuta limandibwezera ku ofesi ya amayi, pa sekondale ina kufupi ndi Manjawira, chaka chimene ndinali Sitandade 6. Inali nyengo ya mango. Ndikaweruka ndinkathamangira komweko, manja akumata, amayi n'kundikalipira kuti ndisakhudze kanthu.

Amayi, a Nangozo, anali mlembi wa pasukulupo, ndipo ntchito anaiphunzira pa taipulaita. Kompyuta itabwera, aphunzitsi onse anakonda mausi ndi tizithunzi tokongola todina. Amayi okha ankatsegula sikirini yakuda bii, n'kumalembapo malamulo m'zilembo zoyera zikuluzikulu. Malamulowo anawaloweza m'kope limene anasiya munthu wodzalumikiza makinawo. Ine zinkandichititsa manyazi, pakuti ana a aphunzitsi ankandiseka kuti amayi anga amataipa pa bolodi.

A hedi atsopano nawonso sizinawasangalatse. Tsiku lina ndili pakhomo ndinawamva akunena kuti chaka chikatha adzafuna mlembi wodziwa kompyuta yamakono. Ntchitoyo ndi imene inkatidyetsa ine ndi mng'ono wanga, motero ndinachita mantha kwambiri.

Kenako linafika tsiku lotumiza ku boma zithunzi za ana a Folomu 4 olembetsa mayeso. Chithunzi chilichonse chinkafunika kulembedwa nambala ya mwini wake. A Maseko, mphunzitsi wa sayansi wodzimva, anayamba m'mawa: dina, lemba, dina, lemba. Dzuwa likuswa mtengo anali asanafike ndi theka lomwe, thukuta lili kamukamu, ndipo galimoto yopita ku boma inali ikuliza hutala panja.

"Bambo, tandibwerekani mpandowo," anatero amayi.

Anafunsa ngati anawo anajambulidwa motsata mndandanda wa manambala umene amayiwo anautaipa. A Maseko anavomera. Amayi anatsegula sikirini yakuda ija, n'kulemba mizere iwiri osayang'ana n'komwe zala zawo, n'kudina kamodzi, zithunzi zonse n'kulandira manambala ake. A hedi anayang'ana khumi, kenako zina khumi, osapeza cholakwa.

"A Nangozo, Lolemba mudzandiphunzitseko zimenezi," anatero chapansipansi. Nkhani ya mlembi watsopano inathera pomwepo.

Madzulo ake ndinawanyamulira amayi chikwama, ndikuyenda monyang'wa kuti ana onse aja andione. Ndinkakhulupirira kuti amayi anasankha njira yovutayo chifukwa anali anzeru kuposa aliyense pasukulupo. Ndinali nditakula kale, tili pamzere kuchipatala cha maso, pamene anandiuza akuseka kuti kamuvi ka mausi sankakaona chiyambire, ndipo ankaopa kuti a hedi akadziwa awachotsa. Zala zokha ndi zimene zinkadziwa njira.

Lero nanenso ndimagwira ntchito pa sikirini yakuda, ngakhale maso anga ndi abwinobwino. Anzanga akandifunsa chifukwa chake, ndimangoti ndinatengera amayi.