Botolo la madzi akuda

Ndinatha zaka zinayi mu labu ndikupanga fumbi lachitsulo losalala kwambiri, loti akalibaya m'mitsempha ya wodwala, chithunzi cha sikani chizioneka bwino. M'botolo limangokhala ngati madzi akuda, koma ukayandikiza maginito limatsatira. Amayi ankaseka ndikawaonetsa kwathu ku Nkolokosa.

Atayamba kudwala chiwindi tinapita kuchipatala katatu, ndipo katatu konse anatibweza, ati mankhwala obaya munthu asanajambulidwe anatha. Ndinalalata mpaka mawu kusasa. Tikutsika minibasi, amayi ali wefuwefu, anandigwira mkono.

"Mwanawe, bwanji osangondibaya zako zija?"

Ndinawauza kuti sizinayesedwe ngakhale pa khoswe.

"Ndiye uyambire ine."

Sindinawabaye mpaka anatisiya. Botololo lidakali pawindo. Maginito ndinataya.