Adiresi Yatsopano ku Katondo

Ndinaganiza zochoka ku Kabwe tsiku limene minibasi imene ndinkayendetsa inafera pa msewu wa ku Chowa, mwini wake n'kunena kuti saikonzetsanso. Mnzanga anandipezera ntchito yoyendetsa thiraki ku Joni. Mkazi wanga Esnati sanakane. Anangondisitira malaya, mwana wathu Dalitso ali kumsana.

Ndinakhalako zaka zambiri. Ndinkagona m'thiraki, kudya chilili, kulankhula ndi wailesi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, nthawi zina mochedwa. Pa foni ndinkati zonse zili bwino, iyenso ankati zonse zili bwino.

Msana utayamba kundivuta ndinabwerera osauza munthu. Ndinalunjika ku Chowa, kunyumba imene anandisiyira bambo anga, omwe anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi. Amene anatsegula chitseko anali mayi wachilendo.

"Mufuna ndani, atate?"

Esnati ndinakamupeza ku Katondo, dera lina la mu Kabwe momwemo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anandiuza kuti Dalitso ankadwaladwala, ndipo kuchipatala anati ndi fumbi la kumgodi wakale. Ndiye anaika anthu a lendi m'nyumba ya ku Chowa ija, n'kusamuka.

"Bana Dalitso, osaniuzako?" ndinafunsa, pomutchula kuti amake Dalitso monga timanenera kuno.

"Mukanakana, bashi Dalitso. Mukanati ni nyumba ya atate anu."

Ndikanakanadi. Ndinangokhala pansi n'kuvula nsapato.

Patapita milungu ndinamva za ntchito yoyendetsa basi ya ana asukulu cha ku Mulungushi. Ankafuna laisensi yakuno, ya adiresi yomwe ndikukhala. Yanga inali itatha, ndipo inkanenabe za ku Chowa. Ndinaima pamzere ku ofesi ya malaisensi kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, mpaka ndinafika pa zenera.

"Mukhala kuti, ba Banda?" anafunsa kalaliki.

"Ku Chowa," pakamwa panayankha pokha. "Iyayi, ku Katondo."

"Nambala ya nyumba?"

Sindinkaidziwa. Ndinaimbira Esnati kumsika kumene amagulitsa kapenta, anthu akumbuyo akung'ung'udza. Ananditchulira nambalayo mofulumira n'kudula, poti anali ndi wogula.

Pobwerera ndinayenda pansi, ndipo ndinasokera m'tinjira ta ku Katondo. Ndinafunsa amayi ena otunga madzi pampopi ngati akudziwa nyumba ya a Banda, oyendetsa mathiraki. Anayang'anana. Ndinatchula nambala ija, anapukusa mitu.

"Pa bana Dalitso," ndinatero pomaliza.

"Aa, mukanakamba kudala! Kuseri kwa chigayo uko. Imwe ndimwe alendo ao?"

Ndinafuna kufotokoza, koma ndinali nditatopa. Ndinangoti inde, n'kulowera kumene anandilozera.